Galimoto Ikamagogoda Kutsogolo Itachoka ku Garaja

Galimoto ikatuluka m'garaja n'kuyamba phokoso kutsogolo, musathamangire kugula zipangizo zina. Yambani mwamvetsera. Kugogoda kwa pa mabampu kaŵirikaŵiri ndi bawuti imene sinamangidwe molimba. Kulira kwa "kwii, kwii" n'kwina. Amakaniko ena amamanga mabawuti a mabushi galimoto ili pa jeke, mawilo akulendewera. Ikatsitsidwa, mphira wa bushi umapotoka, ndipo suchedwa kung'ambika. Mabawuti amenewo ayenera kumangidwa galimoto itaima pa mawilo ake.

Tsono ikwezeni pa jeke, gwirani teyala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamagwedera, ndiye kuti ball joint kapena bering'i yatha. Bwererani nayo ku garaja tsiku lomwelo, pakuti ball joint ikaguluka, wilo limapindikira pansi muli pa liŵiro.