CIKALATA COMANGIRA MUNTHU CINAGONA M'BOKOSI ZAKA 67

M'mwezi wa June caka ca 2022, anthu owerengeka anatsikira m'cipinda ca pansi pa nyumba ya bwalo la milandu m'mzinda wa Greenwood, m'cigawo ca Mississippi ku Amereka, nayamba kubvundukula mabokosi a mapepala akale. Pakati pao panali Mai Deborah Watts ndi mwana wao Teri Watts, abale a mnyamata Emmett Till amene anaphedwa m'caka ca 1955. Mabokosiwo anali osanjidwa monga mwa zaka, khumi khumi, cotero panalibe njira ina koma kutsegula mafailo ndi manja. M'menemo anapeza cikalata colembedwa pa 29 August 1955, colamula apolisi kuti amange anthu atatu pa mlandu wa kuba munthu. Amuna awiri ochulidwamo anamangidwa masiku omwewo, koma wacitatu, amene anali mkazi, sanamangidwe konse.

Nkhaniyi inamveka pa dziko lonse, ndipo ambiri anazizwa kuti pepala la mlandu wochuka cotere lingakhale bwanji pafupifupi zaka 67 popanda woliona. Iye amene adziwa kasungidwe ka zolembedwa za mabwalo ku Amereka sadabwa konse.

KAUNTI NDI MLEMBI WACE

Dziko la United States liri ndi zigawo 50, ciri conse ndi malamulo ace ndi mabwalo ace, ndipo zigawozo zinagawidwanso m'maboma ang'onoang'ono ochedwa makaunti. Makauntiwa apitirira 3,000 m'dziko lonse, ndipo Mississippi yekha ali nao 82. Kaunti ingafanizidwe ndi boma ngati la Dedza kapena la Mulanje, koma kusiyana kwace nkwakuti milandu yambiri ya kupha, kuba ndi kubvulaza imazengedwa m'bwalo la m'kaunti momwemo, ndipo mapepala ace amatsala komweko m'manja mwa mlembi wa bwalo. Ku Mississippi mlembiyo sacita kutumizidwa ndi Boma la ku Washington iai. Amasankhidwa ndi anthu a m'kauntimo pa cisankho.

Palibe nyumba imodzi ku Amereka kumene munthu wamba angafike nati, ndionetseni milandu yonse ya uje. Alipo makina a pa intaneti ochedwa PACER, amene amalipitsa masenti 10 pa tsamba, koma amenewo ndi a mabwalo a Boma lalikulu okha, ndipo za mlandu wa kaunti mulibemo. Lamulo lochuka la 1966 la Freedom of Information Act nalonso likhudza maofesi a Boma lalikulu, silikhudza mabwalo. Ufulu wa kuona mapepala a mlandu ucokera kwina: ku mwambo wakale wa malamulo a ku Mangalande wakuti mlandu uzengedwe poyera, mwambo umene Bwalo Lalikulu la Amereka linaubvomereza pa mlandu wa Nixon v. Warner Communications m'caka ca 1978.

Tsono wofuna pepala ayambe wadziwa kaunti yace. Apa ndipo pamene mlandu wa Emmett Till uphunzitsa bwino koposa buku.

NKHANI IMODZI, MAKAUNTI AWIRI

Emmett Till anali mnyamata wakuda wa zaka 14 wa ku Chicago. Mu August 1955 anapita kukaceza kwa nkhalamba Moses Wright, mbale wa amai ace, pafupi ndi mudzi wa Money m'kaunti ya Leflore. Pa 24 August analowa m'sitolo ya Mzungu Roy Bryant, m'mene munali kugulitsa mkazi wace Carolyn, ndipo kunamveka mbiri yakuti mnyamatayo sanamcitire ulemu mkaziyo. Mbandakuca wa pa 28 August, Roy Bryant ndi mbale wace J. W. Milam anafika kwa a Wright ndi mfuti namtenga mwanayo. Pa 31 August mtembo wace unapezeka mu mtsinje wa Tallahatchie, utamangiriridwa ndi waya waminga ku citsulo colemera ca makina a thonje. Amai ace, Mamie Till, analamula kuti bokosi la maliro likhale lotsegula ku Chicago, kuti anthu aone cimene cinacitidwa pa mwana wao.

Mnyamatayo anatengedwa m'kaunti ya Leflore, koma mtembo unabvuulidwa ku mbali ya kaunti ya Tallahatchie. Cifukwa cace mlandu unang'ambika pakati. Wa kupha unazengedwa ku Sumner m'kaunti ya Tallahatchie kuyambira pa 19 kufikira pa 23 September 1955, ndipo amuna khumi ndi awiri ogamula mlandu, onse Azungu, anamasula Bryant ndi Milam atakambirana ola limodzi ndi mphindi zocepa. Wa kuba munthu unatsala ku Greenwood, likulu la Leflore, ndipo mu November caka comweco unathera m'malere. Mu January 1956 amuna awiriwo anaulula m'magazini ya Look kuti anaphadi mwanayo, podziwa kuti lamulo silikanalola kuti azengedwenso mlandu umene anamasulidwa kale.

Munthu wofunafuna mapepala akadapita ku Sumner, kumene kunali mlandu wochukawo, cikalata comangira cija sakadaciona. Ndipo ngati bvutoli nlocepa, kaunti ya Tallahatchie iri ndi malikulu awiri, Sumner ndi Charleston, liri lonse ndi nyumba yace ya bwalo. Dzina nalo likadamsokeretsa, pakuti pa cikalataco mkazi uja sanalembedwe Carolyn, analembedwa Mrs. Roy Bryant, monga mwa mwambo wa masiku amenewo wa kuchula mkazi ndi dzina la mwamuna wace.

COFUNIKA KUNENA KWA MLEMBI

Atadziwa kaunti, wopempha adziwe bwalo lace, ndipo apa maina amasoceretsa ngakhale eni dziko. Bwalo lozenga milandu yaikulu ku Mississippi lichedwa Circuit Court, ku California Superior Court, ku Pennsylvania Court of Common Pleas. Ndipo mu mzinda wa New York lichedwa Supreme Court, ngakhale siliri bwalo lomariza konse. Ku Mississippi kulinso mlembi wina, wa Chancery Court, wosunga za malo ndi za cuma ca masiye, ndipo wogogoda pa khomo lace kufunsa za mlandu wa kupha adzangolozeredwa khomo lina.

Kwa mlembi woyenerayo wopempha apereke dzina lonse la woimbidwa mlandu monga linalembedwera, caka ca mlandu, ndipo koposa zonse nambala ya mlandu ngati aidziwa. Popanda nambala, mlembi amayamba wafufuza m'kaundula wa maina, ndipo m'makaunti ambiri kufufuzako kuli ndi mtengo wacewace. Tsiku lobadwa lithandiza kusiyanitsa anthu a dzina limodzi. Pempho lingaperekedwe pamaso, pa kalata, kapena pa intaneti kumene njirayo iripo, ndipo sikufunika kuti wopempha akhale loya kapena mbale wa mwini mlandu. Mtengo wa tsamba usiyana kaunti ndi kaunti. Milandu ya zaka zaposacedwa yambiri iri m'makompyuta, koma ya 1955 iri m'mabokosi, ina inasamutsidwira ku nyumba zosungira zakale za cigawo, ndipo ina inapsya pamodzi ndi nyumba za mabwalo zimene zinagwira moto.

Wopempha anenenso mtundu wa pepala, pakuti mapepala a mlandu ali a mitundu itatu. Pali kaundula, wosonyeza mwacidule masiku ndi zimene zinacitika kufikira cigamulo. Pali failo, m'mene muli cikalata comangira, cinenezo, mapempho a maloya ndi malamulo a woweruza. Ndipo pali buku la mau onse onenedwa m'bwalo, limene anthu ambiri amaliyesa gawo la failo, koma kawirikawiri siliri. Wolemba wa m'bwalo amagwira mauwo mwacidule, ndipo amawataipa pokhapokha wina akaitanitsa nalipira, makamaka pocita apilo. Womasulidwa sacita apilo, ndipo Boma silingacite apilo pa munthu womasulidwa. Mau a mboni za ku Sumner, pamodzi ndi a nkhalamba Wright amene anaimirira naloza cala Milam pamaso pa bwalo lodzaza Azungu, anayesedwa otayika zaka zambiri. Boma lalikulu litatsegulanso nkhaniyi m'caka ca 2004, apolisi a FBI anapeza kope lofufutika m'manja mwa munthu wamba, osati m'nyumba ya bwalo, ndipo linalibe mau omariza a maloya.

Pomariza pali cidindo. Kope lopanda cidindo likwanira mphunzitsi kapena mtolankhani, koma ofesi ya Boma imafuna kope losainidwa ndi mlembi ndi kudindidwa. Mlendo wokhala ku Amereka amene anamangidwapo, ngakhale mlandu wace unathetsedwa, akapempha unzika amafunsidwa pepala lotere losonyeza mathero a mlanduwo. Abale a Till nao, atapeza cikalata cija, mau ao okha sakadakwanira. Anacitsimikiza kuti ncenicenidi ndi mlembi wa bwalo la Leflore, Bambo Elmus Stockstill.

ZIMENE MLEMBI SANGAPEREKE

Si pepala liri lonse limaonetsedwa. Milandu ya ana imabisidwa m'zigawo zambiri, woweruza angalamule kuti failo itsekedwe, ndipo malamulo ena amalola kuti mlandu ufafanizidwe m'kaundula patapita nthawi. Zokambirana za grand jury, bungwe la nzika limene limapenda ngati umboni ukwanira kuti munthu azengedwe mlandu, ndi zacinsinsi. Mlembi akayankha kuti palibe, tanthauzo lace lingakhale lakuti kaunti yalakwika, dzina lalakwika, kapena failo iripo koma njotseka.

Ndipo pepala likapezeka liyenera kuwerengedwa mosamala. Cikalata comangira munthu si cigamulo. Cingonena kuti panali cifukwa ca kumgwira ndi kumfunsa. Amene amalemba anthu nchito ku Amereka amafufuza m'makaundulawa tsiku ndi tsiku, ndipo anthu osalakwa amataya mwai cifukwa ca dzina lofanana kapena mlandu umene unathetsedwa. Carolyn Bryant sanaweruzidwe ndi bwalo liri lonse, ndipo cikalata ca 1955 sicisintha zimenezo. Cimene cisonyeza, ndipo ncacikulu, ndi cakuti lamulo linaperekedwa koma silinatsatidwe. Mkulu wa apolisi a Leflore pa nthawiyo anauza atolankhani kuti sanafune kumbvutitsa mkaziyo popeza anali ndi ana awiri ang'onoang'ono. Cifundo cotere Mamie Till sanaciona.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma mboni zimamwalira. Milam anafa m'caka ca 1980, Bryant m'caka ca 1994. Cikalata citapezeka, woimira Boma pa milandu m'deralo, Bambo Dewayne Richardson, anatengera nkhaniyi ku grand jury ya Leflore, imene inamva umboni maola oposa asanu ndi awiri, ndipo mu August 2022 inakana kumuimba mlandu mkaziyo, monganso inakanira ina m'caka ca 2007. Iye anamwalira ku Louisiana mu April 2023 ali ndi zaka 88, akudziwika ndi dzina lakuti Carolyn Bryant Donham. Mu July caka comweco Boma la Amereka linaika nyumba ya bwalo ya ku Sumner pa mndandanda wa malo a cikumbutso ca dziko, m'dzina la Emmett Till ndi amai ace.