"Dinani sikisi": manambala pa foni ya bizinesi

Tiyerekeze kuti sitolo yogulitsa fetereza ndi mbewu pa Guilleme ku Mchinji yaika PBX, makina olandira foni pa nambala imodzi n'kuipititsa kwa woyenera: wamalonda, wowerengera ndalama kapena woyang'anira katundu. Katswiri amapatsa aliyense ekisitenshoni yake, kenaka amajambula mawu olonjera woimba. Ine chidwi changa chili pa mawuwo.

Choyamba ndi manambala. M'Chichewa timawerenga mpaka zisanu, kenaka n'kumaphatikiza: 6 ndi "zisanu ndi chimodzi". Ndiye woimba akamva "dinani zisanu ndi chimodzi", akhoza kudina 5 kenaka 1. Makinawo amva 5, foni n'kupita kwina, uku mayunitsi akutha. Komanso -modzi, -wiri ndi -tatu ndi matsinde ofuna kugwirizana ndi dzina: munthu mmodzi, batani limodzi. Paokha sayima. N'chifukwa chake ndimati tizijambula wani, thu, sikisi, monga timatchulira nambala za 088 ndi 099 tsiku ndi tsiku. Kasitomala wa ku Chipata, wa nambala ya +260, amvanso bwinobwino.

Chachiwiri ndi ulemu. "Dina" timauza mwana. Kasitomala ndi "dinani", -ni wake asasowe.

Chachitatu ndi kasanjidwe ka chiganizo: "Kuti mulankhule ndi wamalonda, dinani wani." Cholinga chitsogole, nambala ibwere kumapeto, kuti munthu asaiiwale chala chisanafike pa batani.

Choncho chiganizo chikhale cha Chichewa chenicheni, koma manambala akhale obwereka omwewa, kuti mlimi apeze amene akumufuna mayunitsi asanathe.