Kompyuta yopanda sikirini ija: zimene ana athu akuphunzira pa seva ya Linux

Amene mwalowako m'chipinda chathu cha makompyuta chaka chino mwaiona kompyuta ina yakale ili pakona, pamwamba pa kabati. Ilibe sikirini, ilibe kiyibodi, ilibe mausi. Kanyali kake kamangophethira usana ndi usiku. Pamsonkhano wathu ndi akomiti ya mzikiti, mmodzi wa akuluakulu anafunsa mosapita m'mbali kuti, ngati palibe amene amakhala pa kompyuta imeneyi, n'chifukwa chiyani ikudya magetsi, nanga n'chifukwa chiyani aphunzitsi akupempha ndalama yogulira batire lake? Makolo ena afunsanso chifukwa chimene ana awo amatsalira masana n'kumalemba zilembo zoyera pa sikirini yakuda m'malo mophunzira Word ndi Excel. Mafunso awiriwa ndi oyenera, ndipo yankho lake ndi limodzi.

Kompyuta ija ndi seva, kutanthauza kompyuta imene ntchito yake ndi kutumikira makompyuta ena. Mukatumiza ndalama pafoni kapena uthenga pa WhatsApp, kwinakwake kuli seva imene yalandira pempho lanu n'kuliyankha. Seva siifuna sikirini chifukwa amene amaisamalira amailamula ali pa kompyuta ina, kaya m'chipinda chomwecho kaya ali kutali. Pachingerezi munthu ameneyu amatchedwa system administrator. Ife tizingomutcha woyang'anira seva. Ntchito yake ndi imene ana otsalira masana aja akuphunzira.

Kompyuta iliyonse imafuna pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse. Ambirife timadziwa Windows, koma maseva ambiri a pa intaneti amayendera Linux. Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo anaitulutsa poyera kuti aliyense athe kuona mmene inalembedwera, kuikonza ndi kuigawira ena. Laisensi yake, yotchedwa GPL, imateteza ufulu umenewu. Lero mafoni onse a Android ali ndi Linux mkati mwake, ndipo kuyambira mu 2017 makompyuta onse 500 amphamvu kwambiri padziko lapansi amayendera Linux. Choncho mwana amene akuiphunzira sakuphunzira chinthu cha anthu osowa ndalama yogulira Windows, monga ena amaganizira.

Linux imabwera m'mitundu yambiri. Pali Debian, imene inayamba mu 1993, pali Red Hat imene makampani akuluakulu amalipirira kuti azithandizidwa, ndiye pali Ubuntu imene tikugwiritsa ntchito ife. Ubuntu inatuluka koyamba mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lakelo ndi mawu a Chizulu ndi Chixhosa ofanana ndi athu akuti umunthu. Zaka ziwiri zilizonse, mwezi wa April, amatulutsa mtundu wokhalitsa umene umalandira zokonza zachitetezo kwaulere kwa zaka zisanu. Nambala yake imanena chaka ndi mwezi: 24.04 ndi ya April 2024. Sitinalipire kalikonse kuti tiike Ubuntu pa kompyuta ija, ndipo kompyuta yakale ya RAM ya magigabaiti 2 imakwanira kuyambira.

Sikirini yakuda imene makolo munaiona imatchedwa terminal. Mmenemo mulibe zithunzi zodina. Munthu amalemba lamulo, kompyuta n'kumvera. Akalemba ls imasonyeza mafayilo amene ali pamenepo, akalemba cd imamupititsa mu foda ina. Masabata oyamba amakhala otopetsa, tisaname, ndipo ana ena amathawa. Kompyuta siiganizira zimene munthu amafuna kunena: chilembo chimodzi chikalakwika, lamulo lonse lakanidwa. Lamulo la rm limafufuta fayilo osaisunga pena paliponse kuti mwina mungasinthe maganizo. Mwana akataya ntchito yake kamodzi mwa njira imeneyi, amayamba kuwerenga kawiri zimene walemba asanadine Enter, ndipo ife aphunzitsi timaona khalidwe limeneli likufika mpaka pa masamu.

Phunziro lenileni loyamba ndi la zilolezo. Mu Linux fayilo iliyonse ili ndi mwini wake, ili ndi gulu lake, kenako pali anthu ena onse. Aliyense wa atatuwa akhoza kuloledwa kuwerenga, kulemba kapena kuyendetsa fayiloyo, ndipo zilolezozi zimalembedwa ndi manambala: kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa ndi 1. Tiyerekeze fayilo ya malikisi a Fomu 3. Tikaipatsa 640, ndiye kuti mphunzitsi mwini wake akhoza kuwerenga ndi kulemba, poti 4 kuphatikiza 2 ndi 6. Gulu la aphunzitsi anzake likhoza kungowerenga. Ena onse sangaitsegule n'komwe. Wina akalakwitsa n'kuika 666, aliyense wolowa mu sevayo akhoza kudzisinthira malikisi. Kusiyana kwake ndi manambala awiri okha.

Gawo limene ana amalikonda kwambiri ndi la netiweki, mwina chifukwa zotsatira zake zimaoneka nthawi yomweyo. Tiyeni titsatire zimene zimachitika mwana akayatsa kompyuta m'chipinda chathu.

Poyamba kompyutayo ilibe adiresi, ndipo popanda adiresi singalankhule ndi ina iliyonse. Imakhala ngati mlendo wofika m'mudzi amene akufunsa kuti amuonetse pogona. Imatumiza funso kwa onse a pa netiweki, ndipo pulogalamu ya pa seva yotchedwa DHCP imayankha n'kuibwereka adiresi, mwachitsanzo 192.168.1.25, kwa nthawi yoikika. Imaiuzanso njira yotulukira kupita pa intaneti ndi kumene ingakafunse maina. Zonsezi zimatha mwana asanakhale n'komwe pampando. Vuto limabwera pakakhala ogawa maadiresi awiri. Zinatichitikira ife: tinayatsa DHCP pa seva titaiwala kuti rauta nayo imagawa maadiresi. Makompyuta ena ankagwira ntchito, ena ayi, ndipo mawa lake ankasinthana. Tinawasiya anawo kuti afufuze okha. Zinawatengera masiku awiri, koma palibe mmodzi wa iwo amene adzaiwale phunziro limenelo.

Kenako mwana amalemba dzina la tsamba limene akufuna. Makompyuta sadziwa maina, amadziwa manambala okha, choncho pamafunika womasulira. Ameneyu ndi DNS, ndipo amagwira ntchito ngati mndandanda wa maina mufoni yanu: inu mumasankha dzina, foni imaimba nambala. Ngati dzinalo likuthera ndi .mw, chizindikiro cha dziko lathu pa intaneti, funso limayambira ku maseva a kumizu ya DNS, amene amalozera ku maseva osunga maina a .mw, amenenso amalozera kwa mwini dzinalo. Seva yathu ikalandira yankho imalisunga kwa kanthawi kuti wina akafunsa dzina lomwelo isayendenso ulendo wonsewo. Pulogalamu yaing'ono yotchedwa dnsmasq ndi imene imatigwirira ntchito ziwirizi, ya DHCP ndi ya DNS.

Apa m'pamene mwana amayamba kuganiza ngati katswiri. Munthu wamba amangoti intaneti yavuta. Woyang'anira seva amafunsa kuti yavuta pati. Amaona kaye ngati waya uli m'malo mwake, kenako ngati kompyuta yalandira adiresi. Akatero amagwiritsa ntchito lamulo la ping pofuna kuona ngati rauta ikuyankha. Ngati nambala ya seva yakutali ikuyankha koma dzina lake silikuyankha, wolakwa ndi DNS. Zikakanikabe amakawerenga zimene seva imadzilembera yokha mu foda ya /var/log, mmene mumakhala mbiri ya zimene zachitika ndi nthawi yake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ndi yotero. Mwana wopupuluma amangozimitsa n'kuyatsanso, vuto n'kubwerera mawa.

Seva imodzi imagwira ntchito zambiri nthawi imodzi, ndipo ntchito iliyonse ili ndi khomo lake la nambala. DNS imadikira pa khomo 53, masamba a intaneti pa 80 ndi 443, ndipo SSH, njira imene woyang'anira amalowera ali kutali, ili pa 22. Ana amaphunzira kutseka makomo onse osafunika pogwiritsa ntchito firewall, chifukwa seva iliyonse yoonekera pa intaneti imagogodedwa tsiku ndi tsiku ndi mapulogalamu oyeserera mapasiwedi. Pasiwedi ngati dzina la mwana ndi chaka chake chobadwira siichedwa kugwa.

Nanga sukulu ikupindulapo chiyani lero? Kudzera mu pulogalamu ya Samba, makompyuta a Windows a m'chipindamo amasunga mafayilo pa seva, moti mwana akhoza kukhala pa kompyuta iliyonse n'kupeza ntchito yake. Mafulashi oyenda ndi mavairasi achepa. Taikanso Kiwix, imene imasunga Wikipedia pa seva kuti iziwerengedwa popanda intaneti. Wikipedia yonse ya Chingerezi pamodzi ndi zithunzi imatenga malo okwana pafupifupi magigabaiti 100, ndipo ikangokopedwa kamodzi, kalasi yonse imawerenga osadya bandulo.

Tsopano nkhani ya batire. Magetsi akazima mwadzidzidzi seva ili mkati molemba, fayilo ikhoza kuonongeka, ndipo zikamachitika kawirikawiri disiki imene imavutika. Chimene tikupempha ndi UPS, kabokosi ka batire kokhala pakati pa soketi ndi seva. Cholinga chake si chakuti seva iziyaka maola ambiri kulibe magetsi. Ndi chakuti ipeze mphindi zochepa zomalizira zimene ikulemba n'kudzizimitsa bwinobwino. Tikupemphanso disiki yachiwiri. Disiki iliyonse imafa tsiku lina, ndipo nthawi zambiri siichenjeza. Ana aphunzira kale kugwiritsa ntchito rsync pokopera mafayilo ndi cron polamula kuti kukoperako kuzichitika kokha tsiku lililonse, koma pakadali pano akukopera pa disiki yomweyo, zimene sizingatipulumutse ikafa. Disiki yachiwiriyo izisungidwa mu ofesi, kutali ndi seva, kuti moto kapena wakuba asatenge zonse pamodzi. Teremu iliyonse tiziyesa kubwezeretsa fayilo imodzi kuchokera mmenemo pofuna kutsimikiza kuti zimene tikusunga zikutsegukadi.

Pali nkhawa ina imene kholo lina linatiuza, ndipo sitikuipeputsa: kodi sitikuphunzitsa ana kuthyola makompyuta a anthu? Zoona zake n'zakuti woyang'anira seva ali ndi mphamvu zambiri. Mu Linux muli akaunti yotchedwa root imene zilolezo zija siziiletsa kanthu. Amene ali nayo akhoza kuwerenga fayilo ya wina aliyense. N'chifukwa chake palibe wophunzira amene ali ndi root pa gawo losunga malikisi ndi za fizi. Zoyeserera zoopsa amachitira pa makompyuta ongoyerekeza amene timapanga ndi VirtualBox mkati mwa kompyuta ina, ndipo akaononga timangofufuta n'kuyambiranso. Pa seva yeniyeni amagwira ntchito mphunzitsi ali pomwepo, ndipo lamulo lililonse loperekedwa kudzera mu sudo limalembedwa pamodzi ndi dzina la amene walipereka. Timawauzanso tsiku loyamba kuti lamulo la dziko lino la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo, ngakhale munthu atanena kuti amangoyesa.

Za ntchito m'tsogolo, sitikufuna kulonjeza zimene sitingakwaniritse. Maphunzirowa sakulowa m'malo mwa MSCE, ndipo mwana amene magiredi ake akutsika timamuimitsa kaye. Koma mabanki, makampani a mafoni, zipatala ndi maofesi a boma onse ali ndi maseva ofuna owasamalira, ndipo amene adzapite kukaphunzira za makompyuta ku MUBAS, MUST, UNIMA kapena Mzuzu University adzafika atagwirapo kale zinthu zimene anzawo azidzazimva koyamba. Palinso masatifiketi odziwika padziko lonse. Bungwe la Linux Professional Institute, limene linayamba mu 1999, lili ndi mayeso a oyamba kumene otchedwa Linux Essentials, a mafunso 40 mu ola limodzi, kenako LPIC-1 imene ili ndi mayeso awiri. Mayeso a RHCSA a kampani ya Red Hat alibe mafunso osankha yankho: munthu amapatsidwa kompyuta n'kuuzidwa zoti achite, ndipo amakhoza ngati zimene wachitazo zikugwira ntchito. Mayeso onsewa ndi olipira, ndipo mitengo yake ndi yokwera kwa banja wamba, choncho palibe chifukwa chothamangira mwana asanamalize Fomu 4. Chimene chingamuthandize pano ndi Chingerezi, poti mabuku ofotokoza malamulo a Linux ndi mauthenga a zolakwika amabwera m'chinenero chimenecho.

Malo alipo kwa atsikana ndi anyamata mofanana, kuyambira Fomu 2. Makolo amene muli ndi kompyuta yakale imene yangokhala kunyumba kapena kuntchito, ngakhale yosweka sikirini, tiuzeni kudzera ku ofesi ya ahedi. Musanaibweretse koperani zithunzi ndi makalata anu, chifukwa chinthu choyamba chimene tidzachite ndi kufufuta disiki yonse inu mukuona.