Amayi amene ankasaka eni makalata

Kumayambiriro kwa 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ikupita kumapeto, nyumba zosungiramo katundu za mumzinda wa Birmingham ku England zinali zitadzaza matumba a makalata mpaka kudenga. Makalatawo anali mamiliyoni, ochokera ku America kupita kwa asilikali amene ankamenya nkhondo ku Ulaya. Munali makalata a akazi olembera amuna awo, a atsikana olembera zibwenzi zawo, ndi a makolo. M'maphukusi ena munali makeke amene anali atachita kale nkhungu, ndipo makoswe ankadya.

Amene anamvapo agogo akusimba mmene ankadikirira kalata ya mwamuna wawo wa ku Joni amadziwa zimene kusowa kwa kalata kumachita mumtima. Umayamba kuganiza kuti mnzako wafa, kapena wapeza wina. Msilikali wogona m'ngalande pachisanu ankavutika ndi maganizo omwewo, ndipo akuluakulu ake anaona kuti anyamata akufooka.

Vuto linali loti msilikali sakhala malo amodzi. Kalata ikamafika, mwini wake amakhala atasamutsidwa, ali m'chipatala, kapena ataikidwa kale m'manda. Olemba ena ankangolemba dzina lamasewera la wokondedwa wawo pa envelopu. Maina ofanana ndiye osanena: asilikali otchedwa Robert Smith okha analipo pafupifupi 7,500.

Ntchito yosaka anthuwa inaperekedwa kwa gulu lotchedwa 6888th Central Postal Directory Battalion. Munali amayi pafupifupi 855, ndipo ndi gulu lokhalo la asilikali achikazi akuda limene America inatumiza kunja pa nkhondoyo. Mtsogoleri wawo anali Major Charity Adams, wa zaka 26, amene kale ankaphunzitsa masamu ku South Carolina. Anafika ku Birmingham mu February 1945 n'kugawana magulu atatu, lililonse maola asanu ndi atatu, usana ndi usiku, Lamlungu lomwe. M'nyumbazo munkazizira, ndipo mawindo anali otchingidwa poopa ndege za adani. Ankasunga makadi pafupifupi 7 miliyoni okhala ndi dzina, nambala ndi kumene msilikali aliyense ali, n'kumawasintha munthu akasamuka. Ntchito imene anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi, iwo anaimaliza m'miyezi itatu.

Kalata yachikondi timaiona ngati ya anthu awiri okha, koma apa inkadutsa m'manja mwa munthu wachitatu. Adiresi ikakhala yosamveka, mayi wosankha makalata ankafufuza chilichonse chimene chingamulozere mwini wake. Ndiye panali makalata opita kwa omwalira, amene ankayenera kubwezedwa kwa owalemba. Ine ndimaona kuti imeneyi ndiyo inali ntchito yolemera koposa: kugwira kalata imene mtsikana walemba akuwerengera masiku a ukwati, iwe ukudziwa kale zimene iye sanamve. Tisaiwale kuti amayiwa nawonso anali kutali ndi kwawo, akudikira makalata awoawo.

Zonsezi ankazichita m'gulu lankhondo losankhana khungu. Ankadziphikira okha, kukonza okha magalimoto awo ndiponso kudzilondera okha, opanda mfuti. Mkulu wina wa asilikali ataopseza kuti atumiza mzungu woti adzamuphunzitse kuyendetsa gululo, Adams anamuyankha pamaso kuti zimenezo zingachitike pokhapokha iye atafa.

Atamaliza ku England anawolokera ku Rouen m'dziko la France, kenako ku Paris. Mu July 1945 atatu mwa iwo, Mary Bankston, Mary Barlow ndi Dolores Browne, anafa pangozi ya galimoto. Anzawo anasonkha ndalama zoyendetsera maliro, ndipo atatuwa anaikidwa kumanda a asilikali a America ku Normandy.

Gululi linabwerera kwawo n'kuthetsedwa mu 1946, popanda mwambo uliwonse wowalandira. Chipilala chowakumbukira chinamangidwa ku Fort Leavenworth mu 2018, ndipo mu 2022 Pulezidenti Joe Biden anasaina lamulo lowapatsa mendulo ya Congressional Gold Medal. Pa nthawiyo amene ankadziwika kuti adakali moyo sankakwana khumi.