ZIMBABWE: Penshoni payokha siikwanira, opuma pa ntchito afunika mlangizi

CHITUNGWIZA - M'mawa uliwonse anthu zikwizikwi amakwera makombi ku Zengeza, Seke ndi St Mary's kupita kukagwira ntchito mumzinda wa Harare, womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25. Tauni ya Chitungwiza inakhazikitsidwa m'chaka cha 1978 pophatikiza malokeshoni atatuwa, ndipo kalembera wa 2022 anapeza kuti muli anthu oposa 370,000. Ambiri mwa iwo saganizira za tsiku limene ulendo wa m'mawawu udzathere.

M'maiko ena muli alangizi amene ntchito yawo ndi kuthandiza munthu kukonzekera tsikuli. Amatchedwa makochi, monga wa timu ya mpira, ndipo bungwe lawo lalikulu, International Coaching Federation, linayamba ku America mu 1995. Mlangizi wotere sasunga ndalama za munthu kapena kumugulitsa inshulansi. Amakhala naye pansi kangapo, kumufunsa mafunso, kulemba naye ndondomeko, kenako n'kuona ngati zomwe anagwirizana zikuchitika. Kumene kulibe katswiri, ntchitoyi ingathe kugwiridwa ndi mkulu wa mpingo, mtsogoleri wa bungwe la apantchito kapena mnzake amene anapuma kale.

Funso loyamba ndi la ndalama, ndipo ku Zimbabwe limabwera ndi mabala. Ziwerengero za boma zinaonetsa kuti mu July 2008 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 231 miliyoni peresenti pa chaka. Dzikoli litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America mu 2009, anthu amene anasonkha penshoni kwa zaka zambiri anapeza kuti yasanduka timakobiri. Mu 2015 boma linakhazikitsa komiti yofufuza nkhaniyi motsogoleredwa ndi woweruza wopuma George Smith, ndipo komitiyo inati anthuwo ayenera kupepesedwa. Malamulo a chipepesocho anatuluka mu 2023. Apa n'kuti ndalama ya dzikoli itasinthidwanso mu 2019, zomwe zinafooketsanso mphamvu ya mapenshoni.

Pa chifukwa ichi, mlangizi wabwino amayamba ndi mapepala. Bungwe la boma la National Social Security Authority, lomwe linayamba ndondomeko yake ya penshoni mu 1994, limafuna kuti munthu akhale atasonkha miyezi 120 kuti azilandira ndalama mwezi ndi mwezi. Wantchito ayenera kufufuza akadali pa ntchito ngati abwana ake ankaperekadi zomwe ankamudula pa malipiro. Pambuyo pake amawerengera njira zina zopezera ndalama, monga dimba, nkhuku, kabenchi ka malonda ku Chikwanha, kapena gulu losungitsana ndalama lomwe Ashona amati mukando, lofanana ndi chipereganyu cha ku Malawi. Palibe njira imene iyenera kudaliridwa yokha. Mu 2005 boma linagwetsa nyumba zosavomerezeka pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, ndipo okalamba amene ankadyera lendi ya tizipinda ta kuseri kwa nyumba anataya chuma chawo.

Funso lachiwiri ndi la kokhala. Mwambo wa ambiri ndi wakuti munthu akapuma amabwerera kumudzi kukalima. Koma ku Chitungwiza kuli mabanja amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale. Ambiri a iwo alibe mudzi mu Zimbabwe, ndipo kwawo kwa makolo sakudziwikako. Lamulo la 2001 linachititsa ambiri kutaya unzika, kufikira pamene malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. Kwa munthu wotere, kukonzekera ukalamba kumatanthauza kukonza chiphaso, mapepala a nyumba ndi wilu, komanso kukambirana ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana za kumene adzakhale.

Funso lachitatu ndi limene ambiri amaliiwala: kodi tsiku lidzatha bwanji? Ntchito imapatsa munthu nthawi yodzukira, anzake ocheza nawo ndi ulemu pakati pa anthu. Zonsezi zimatha tsiku limodzi. Mlangizi amathandiza munthu kupeza udindo watsopano asanasiye wakale, monga kuphunzitsa achinyamata luso lake, kusunga kaundula wa bungwe la maliro kapena kutumikira ku mpingo. Amamukumbutsanso za thanzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa achikulire kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda mwandawala kumawerengedwa.

Nkhaniyi ikukhudza maiko oyandikana nawo. Malawi inakhazikitsa lamulo lokakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo penshoni mu 2011, pamene Zambia mu 2023 inalola mamembala a bungwe la NAPSA kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo asanapume. Malamulo otere amathandiza pa ndalama zokha. Za kokhala, zochita ndi thanzi amakonza ndi mwini wake, ndipo kukambirana kumayenera kuyamba kudakali zaka zisanu kapena khumi kuti kalata yopumitsa ifike.