Miyendo ikatopa, LeBron James amasewera ndi chiyani?

Ananu, bwerekani tepi yoyezera kwa atelala, muyeze mamita awiri kuchokera pansi kukwera pakhoma, muwonjezere masentimita 6, ndipo muchonge ndi khala. Pamene mwachongapo ndi pamene pamalekezera mutu wa LeBron James. Kulemera kwake ndi makilogalamu pafupifupi 113, ndiye kuti matumba awiri a chimanga ndi kena pamwamba. Tsono yerekezani kuti matumbawo amera miyendo ndipo akubwera kwa inu liwiro la mtondo wadooka. Mungaime panjira?

Mkuluyu adabadwa pa 30 Disembala 1984 mumzinda wa Akron, m'chigawo cha Ohio ku America. Mu 2003, atangomaliza sekondale ali ndi zaka 18, timu ya Cleveland Cavaliers idamusankha kukhala woyamba mwa achinyamata onse olowa mu NBA, ligi yaikulu kwambiri ya basiketibolo padziko lonse. Osewera ambiri amasiya asadakwanitse zaka 35. Iye adafika zaka 40 akusewerabe, ndipo pa 22 Okutobala 2024 adalowa m'bwalo limodzi ndi mwana wake Bronny, onse atavala yunifolomu ya Los Angeles Lakers. Bambo ndi mwana kusewera limodzi mu NBA, kadali koyamba.

Amene mumasewera ntchemberembaye simuvutika kumva masewerawa, chifukwa ntchemberembaye idachokera ku basiketibolo. Dengu la basiketibolo limakhala pa mamita 3.05 kuchokera pansi, chimodzimodzi golo lanu lija. Kusiyana kwake n'kwakuti timu imakhala ndi anthu asanu, aliyense amaloledwa kugoletsa, ndipo munthu amatha kuyenda ndi mpira bola aziumenyetsa pansi. Mwa asanuwo, awiri amatchedwa ma guard, ndipo kawirikawiri amakhala aafupiko ndi ochenjera ndi mpira. Mmodzi, wamtali kuposa onse, ndi centre, amene amakhala pafupi ndi dengu. Awiri otsalawo ndiwo ma forward. Ntchito yawo ndi yapakatikati: agoletse, atchinge, alimbirane mpira ukaphonya dengu. LeBron ndi forward.

Koma ndi forward wodabwitsa, chifukwa thupi ndi la munthu wamkulu pamene maso ndi a guard. Akathamangira kudengu, otchinga awiri kapena atatu amamuunjikira, poti mmodzi sangamuthe. Ndiye werengani nokha: ngati atatu ali pa munthu mmodzi, anzake anayi aja akuyang'aniridwa ndi angati? Awiri okha. Pamenepo LeBron amaponyera mpira mnzake amene waiwalika pakona, nthawi zina osamuyang'ana n'komwe. M'chaka cha ligi cha 2019 mpaka 2020 adaposa osewera onse popatsira mipira yobala zigoli, yoposa 10 pa masewero alionse. Mutu wakenso umasunga zinthu ngati kamera. Mu 2018, atagonja kwa Boston Celtics, mtolankhani adamufunsa chimene chidavuta kumayambiriro kwa chigawo chomaliza. Iye adafotokoza mwatsatanetsatane amene adagwira mpira, amene adaphonya ndi amene adagoletsa, motsatana bwinobwino, mpaka atolankhani ena adamuwombera m'manja.

Mphatso yopatsira mipirayi ili ndi mchira wake. Palibe wosewera m'mbiri ya NBA amene adataya mipira yambiri kwa adani kuposa LeBron. Musafulumire kumuseka. Mtsuko umasweka m'manja mwa amene amapita kumadzi tsiku ndi tsiku, osati amene wangokhala pakhonde. Wakhala ndi mpira m'manja zaka zoposa 20, ndipo amakonda kuudutsitsa pamipata yopanikiza imene ena sayerekeza. Komabe pena amachita kunyanya: mpira woti akadangopatsira wapafupi, iye n'kuuponya kutsidya kwa bwalo, mdani n'kuuwakha.

Ali mnyamata, vuto lake lalikulu lidali kuponya ali patali. Mu 2007 adafikitsa Cleveland mu fainolo, kumene adakumana ndi San Antonio Spurs ya mphunzitsi wochenjera Gregg Popovich. Nzeru ya Spurs idali yapafupi: kutseka njira yopita kudengu, n'kumusiyira mpata woti aponye ali kutali. Zidali ngati akumuuza kuti, ponya tione. Adaponya, n'kumaphonya, ndipo Cleveland idagonja masewero onse anayi. Mu 2011, atasamukira ku Miami Heat, adagonjanso mu fainolo kwa Dallas Mavericks. Pa masewero achinayi adapeza mapointi 8 okha, munthu wozolowera kupeza oposa 25. Anthu adamunena kwambiri, ati zinthu zikafika povuta amazizira nkhongono.

Chimene adachita pambuyo pake ndicho chimandisangalatsa pa nkhani yonseyi. Patchuthi adapita ku Houston kukaphunzira kwa Hakeem Olajuwon, katswiri wopuma amene adabadwira ku Lagos m'dziko la Nigeria. Olajuwon ali mwana ankasewera mpira wamiyendo ngati goloboyi, ndipo mapazi ake ankanyenga adani ngati akuvina. Iye adaphunzitsa LeBron kusewera atafulatira dengu: kulandira mpira mdani ali kumsana, kumukankha pang'onopang'ono ndi thupi, kunamizira kukhotera uku kenaka n'kutembenukira uko. Taganizani, munthu amene adali atapatsidwa kale kawiri mphoto ya wosewera wopambana onse mu ligi, kubwereranso m'kalasi! Mu 2012 adatenga chikho chake choyamba. Mu 2013 Spurs idabweranso ndi nzeru yakale ija yomusiya aponye. Pa masewero achisanu ndi chiwiri, omaliza, adamwetsa mipira isanu ya mapointi atatu, ija yoponyera kunja kwa mzere wokhota, ndipo onse pamodzi adapeza mapointi 37. Chikho chidatsala ku Miami. Pofika chaka cha ligi cha 2023 mpaka 2024, ali ndi zaka 39, pa mipira 100 iliyonse yoponyera kutaliko ankamwetsa 41, kuposa chaka china chilichonse m'moyo wake.

Pamene dzanja linkakhwima, miyendo inkalowera kwina. Kuti mudziwe mmene idalili kale, funsani aliyense wokonda masewerawa za 2016. LeBron adali atabwerera ku Cleveland, ndipo mu fainolo adakumana ndi Golden State Warriors, imene idapambana masewero 73 mwa 82 chaka chimenecho. Warriors idatsogola ndi masewero atatu kwa amodzi, koma Cleveland idabweza mpaka kufanana. Pa masewero omaliza, kutatsala mphindi zosakwana ziwiri, matimu onse ali ndi mapointi 89, Andre Iguodala wa Warriors adathamangira kudengu kuti agoletse mosavuta. LeBron adachokera kumbuyo ngati mphamba wotsata mwanapiye, adalumpha, n'kuukhomera mpirawo pabolodi la kuseri kwa dengu. Cleveland idapambana, ndipo mzindawo udaona chikho chachikulu koyamba patapita zaka 52.

Thupi lotere linkaoneka ngati silingavulale. Koma pa Khirisimasi ya 2018 adavulala mnofu wa mphechepeche ndipo adakhala panja masewero 17 otsatizana. Mu 2021 kadali kakolo. N'chifukwa chiyani zimatero? Munthu akamakula, minofu yake imachedwa kuchira ikagwira ntchito yolemetsa. Inu mukhoza kusewera mpira tsiku lonse, kugona, m'mawa n'kudzuka ngati simudathamangeko. Funsani amalume anu a zaka 40 ngati iwo zimawathekera. Tsono mu NBA timu iliyonse imasewera masewero 82 kuyambira Okutobala mpaka Epulo, ena mwa iwo masiku awiri otsatizana, m'mizinda yotalikirana ulendo wa pandege.

Choncho LeBron wachikulire amasunga mphamvu ngati ufa wa m'mwezi wa Febuluwale. Amasankha nthawi yothamanga ndi nthawi yoyenda. Kumene zimaonekera kwambiri ndi potchinga. Kale ankatha kutchinga aliyense, wamfupi ndi wamtali yemwe. Ukulu utabwera, anyamata othamanga adayamba kumudutsa, ndipo iye amadalira kulosera kumene mpira ukupita kuti akafikeko msanga. Pali khalidwe lina limene ine sindilikonda: akaona ngati amuchita faulo koma woyimbira sadaimbe wezulo, nthawi zina amatsalira n'kumadandaula manja ali m'mwamba, anzake anayi akulimbana ndi adani asanu kumbuyoko. Pamenepo ukalamba tisaunamizire.

Chilipo chofooka chimodzi chimene chakana kusuntha zaka zonsezi, ndipo n'choseketsa chifukwa chimaoneka chophweka. Wosewera akachitidwa faulo poponya, amapatsidwa mwayi wotchedwa free throw. Amaima pamzere, mamita anayi ndi theka kuchokera pabolodi, popanda womutchinga. Stephen Curry wa Warriors amamwetsa pafupifupi 91 pa 100 iliyonse. LeBron amamwetsa pafupifupi 73. Si zoipa kwenikweni, koma kwa katswiri ngati iye n'zochepa, makamaka poti adani amamuchita faulo kawirikawiri akasowa njira ina yomuimitsira. Kuvuta kwa free throw n'kwakuti umachoka pothamanga n'kuima chilili, mtima ukugunda, uli ndi befu, anthu zikwizikwi akukuwa, ndipo uli ndi nthawi yoganiza kuti ukhoza kuphonya. Yesani nokha: thamangani kuzungulira nyumba katatu, kenaka muponye mpira wamapepala mundowa kakhumi. Muwerenge, mufanizire ndi mmene mumachitira mutapuma.

Pa 7 Febuluwale 2023, ku Los Angeles, Lakers ikusewera ndi Oklahoma City Thunder, LeBron adapitirira mapointi 38,387 a Kareem Abdul-Jabbar n'kukhala wogoletsa kwambiri m'mbiri ya NBA. Kareem adali atakhala pamwamba kuyambira mu Epulo 1984, LeBron asadabadwe, ndipo usiku umenewo adali m'bwalomo kuonerera. Mpira wophwanya mbiriwo sudali wolumpha n'kuupanikizira m'dengu ngati ya paunyamata ija. Adaulandira atafulatira dengu, adaumenyetsa pansi kangapo mdani ali kumsana, adatembenuka, n'kuuponya ali patali ndithu, thupi likugwera chambuyo. Masewero adaimitsidwa, Kareem adalowa pakati pa bwalo, n'kumupatsa mpira m'manja.