Mjigo wa mu Broad Street

M'zaka za m'ma 1800, parishi ya St James mu mzinda wa London inazoloŵera maliro. Mabanja osauka ankagona mothinana m'chipinda chimodzi. Chifuwa chachikulu, chikuku ndi kutsegula m'mimba zinkatenga anthu chaka ndi chaka, ndipo ana ena ankapsa zovala zawo zikagwira moto pootha. Koma mliri wa kolera umene unabuka pa 31 Ogasiti 1854 unaposa zonsezi: unapha anthu oposa 500 m'masiku 10 okha, ndipo potha pake akufa anakwana 616.

Akuluakulu ankati matendaŵa amadza ndi mpweya wonunkha. Dr John Snow sanavomereze. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, ndipo anamfedwa ambiri analoza mjigo wa mu msewu wa Broad Street. Madzi ake ankatchuka kukoma, moti mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndithu, ankachita kuwaitanitsa pangolo. Nayenso anamwalira. Koma kunyumba yosungirako amphaŵi 535, yomwe inali ndi chitsime chakechake, kunafa anthu 5 okha.

Pa 8 Seputembala akuluakulu a parishi anachotsa mkono wa mjigowo, ngakhale kuti mliri unali utayamba kale kuchepa poti ambiri anali atathaŵa.

Gwero lake linapezedwa pambuyo pake ndi Mbusa Henry Whitehead, amene poyamba ankatsutsa Snow. Mayi wa khanda lodwala ankataya madzi ochapira mateŵera m'dzenje la chimbudzi. Njerwa za dzenjelo zinali zitagumuka, ndipo kuchoka pamenepo kufika pachitsime cha mjigo sipankakwana mita imodzi.